Mwanabere wosapola wautsa mkangano ku Chongwe

Pa 24 Marichi, tsiku lokumbukira matenda a TB, uthenga unali womwe uja wa chaka ndi chaka: ukatsokomola masabata awiri, kapereke makhololo. Koma pabenchi ya chipatala china m'boma la Chongwe, makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, panakhala mayi wina amene sankatsokomola n'komwe.

Dzuwa linali likuswa mtengo, koma iye anali atakulunga chitenje m'khosi. Atamasula, pansi pa nsagwada panaoneka zotupa zitatu zogundana. Chachikulu chinali ngati dzira la nkhunda, china chinali chitaphulika n'kumachucha mafinya okhuthala. M'mbali mwake munali zipsera za mphini, chifukwa akuchimuna anayamba apita naye kwa sing'anga. Zotupazo sizinkapweteka, n'chifukwa chake anazengereza miyezi. Chinamuopsa ndi thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, komanso kuonda mpaka mafupa a m'mapewa kuonekera. Makapisozi anamwa, osasintha. Makhololo anapereka, koma sanawapeze ndi kachilombo ka TB.

TB ya m'mwanabere imazemba choncho, poti tizilombo timakhala m'chotupamo. Dokotala amabaya chotupa ndi singano yopyapyala n'kukoka timadzi, ndipo sipafunika kusoka. Tina amatipaka pagalasi loonera pa maikulosikopu, tina amatiika m'makina a GeneXpert, omwe m'maola pafupifupi awiri amanena ngati muli TB, komanso ngati ndi yosamva mankhwala a rifampicin.

Mkangano wagona pa odwala amene makina sanawapeze ndi kanthu. M'mwanabere tizilombo timakhala tochepa, ndiye singano itha kutiphonya. Chotsatira ndi kudula kanyama n'kukatumiza ku Lusaka, ndipo yankho limatenga nthawi. Ogwira ntchito zachipatala ena amati zizindikiro zikakhala zoonekeratu chonchi, wodwala ayambe mankhwala pompo. Amafunsa kuti mlimi wakumudzi, nyengo ya dzinja, ndalama ya minibasi yobwererabwerera aitenga kuti? Ambiri akauzidwa kuti adikire sabweranso.

Anzawo amakana. Amati mwanabere amatupanso chifukwa cha HIV, khansa ya lymphoma kapena Kaposi sarcoma. Munthu akamwa mapiritsi a TB miyezi 6 pomwe ali ndi khansa, amafika kwa akatswiri zinthu zitaipa kale. Chimasokonezanso n'chakuti ngakhale TB yeniyeni nthawi zina imatupitsa anabere kwambiri m'masabata oyamba a mankhwala, motero kungoyang'ana ndi maso sikuthandiza kudziwa ngati achipatala analondola. Mbali iyi ili ndi mfundo yolimba. Mankhwala atha kuyamba msanga, koma singano iyambe yalowa, magazi a HIV ayezedwe, ndipo wodwala aitanidwenso kuti amuone ngati akuchira.

Mayi uja anachita mwayi: timadzi take tinaonetsa TB, ndipo anabwerera kwawo ndi mapiritsi. Potuluka anakulunganso khosi, akuti anansi amamuthawa pachitsime. Pabenchi yomweyo panalinso mnyamata wovala malaya omanga mabatani mpaka m'khosi, naye akudikira kuitanidwa. Komatu TB ikakhala m'mwanabere mokha, osafika m'mapapo, sipatsirana kudzera mumpweya, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.