MPIRA WA KU AMERICA: AMUNA M'BWALO, AKAZI M'MPHEPETE

TSIKU lina la Sondo m'mwezi wa February caka ciri conse, anthu a ku United States of America amasiya nchito zao nasonkhana m'nyumba, maso onse pa wailesi ya kanema, kupenyerera mpikisano wotsiriza wa mpira wao wochedwa Super Bowl. M'caka ca 2025, pamene timu ya Philadelphia Eagles inagonjetsa Kansas City Chiefs mu mzinda wa New Orleans, openyerera anali mamiliyoni 127. Ciwerengero cimeneci ciposa anthu onse a muno m'Zambia pafupifupi kasanu ndi kamodzi.

Awerengi asaganize kuti tikunena mpira wa miyendo umene ana athu amasewera pa bwalo la sukulu. Wa ku America ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo umanyamulidwa m'manja. Timu iri yonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Wina akathawa nao mpira, adani ace amamthamangitsa ndi kumgwetsa pansi mwamphamvu. Osewera amabvala zisoti zolimba, ndipo ena a iwo amalemera makilogalamu 140, pafupifupi matumba atatu a cimanga.

Cikondi ca anthu pa masewerawa ncodabwitsa. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000. M'tauni ya Allen, ku Texas, anamanga bwalo la madola 60 miliyoni m'caka ca 2012, la ana a sukulu ya sekondale cabe. Koma m'bungwe lalikulu la mpirawu, la National Football League kapena NFL, limene linayamba mu 1920, simunasewerepo mkazi ndi mmodzi yemwe pa mpikisano.

SUKULU YA UMUNA

Masewerawa anayambira m'makoleji a anyamata, ndipo mpikisano woyamba unacitika mu 1869 pakati pa Rutgers ndi Princeton. Akuluakulu a nthawi imeneyo anali kuopa kuti ana ao aamuna, okulira m'mizinda osagwira khasu kapena nkhwangwa, adzakhala ofooka. Tsono bwalo la mpira linasanduka ngati cinamwali ca anyamata, malo ophunzirirapo kupirira ululu popanda kugwetsa msozi.

M'caka ca 1905 cokha osewera osacepera 18 anafa, ndipo anthu ambiri anapfuula kuti masewerawa aletsedwe. Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitana atsogoleri a mpira a ku Harvard, Yale ndi Princeton. Sanafune kuwaletsa ai, pakuti iye mwini anakhulupirira kuti mpirawu umalimbitsa amuna. Anangowauza kuti acepetseko nkhanza, ndipo mu 1906 malamulo anasinthidwa.

MALO A ATSIKANA

Nanga atsikana anawapatsa malo otani? Anawaika m'mphepete mwa bwalo, kubvina ndi kucemerera anyamata. Poyamba, m'zaka za m'ma 1890, nchito yocemerera inali ya amuna okhaokha. Akazi anacuruka pa nchitoyi m'nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, anyamata atapita ku nkhondo, ndipo itasanduka ya akazi ulemu wace unatsika.

Mu 2014 atsikana ocemerera timu ya Oakland Raiders anatengera eni timu ku khoti. Kunamveka kuti ali yense anali kulandira madola 1,250 pa nyengo yonse ya mpira. Caka comweco wosewera wamwamuna wolandira zocepa koposa mu NFL anali ndi malipiro a madola 420,000. Mlanduwo unatha timuyo itabvomera kulipira madola 1.25 miliyoni.

M'caka comweconso wosewera wina wochuka, Ray Rice, anamenya bwenzi lace mpaka kukomoka. Bungwe la NFL linangomletsa kusewera mipikisano iwiri. Timu yace inamcotsa nchito pokhapo cithunzi ca kumenyako citaonekera poyera ndipo anthu atakwiya.

BALA LOSAONEKA

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene anaung'amba mkuyuwo ndi dokotala wobadwira ku Nigeria, Dr Bennet Omalu. Mu 2002, akugwira nchito mu mzinda wa Pittsburgh, anapima ubongo wa Mike Webster, katswiri wa mpirawu amene anamwalira ali ndi zaka 50 atasokonezeka maganizo. Anapezamo nthenda yochedwa CTE, imene imabwera mutu ukamagundidwa kawirikawiri. Cisoti cimaching'iriza cigaza, koma ubongo umagwedezekabe m'kati. Wodwala amayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kutaya mtima.

Atsogoleri a NFL anayamba akana, ndipo anadzabvomera poyera mu 2016 kuti nthendayi ndi mpira wao nzogwirizana. Mu 2017 akatswiri a pa Boston University anapima ubongo wa osewera akale a NFL 111 amene anamwalira, napeza nthendayi mwa 110. Tidziwe kuti ambiri a iwo anaperekedwa ndi mabanja amene anaona kale zizindikiro, kotero ciwerengeroci sicitanthauza kuti wosewera ali yense adzadwala.

Komabe cimene caonekera ndi cakuti mwambo wa "mwamuna salira" uli ndi mtengo wace. Mnyamata akagundidwa mutu amabisa cizungulire, nabwerera m'bwalo, kuopa kuchedwa wamantha kapena kulandidwa malo. Ndipo openyerera akamwazikana, zaka zitapita, amene amatsala ndi wodwala pakhomo kawirikawiri ndi mkazi wace kapena amai ace, omwe aja anauzidwa kuti masewerawa si ao.

KHOMO LINA

Cimene cinasintha zinthu ndi lamulo. Mu June 1972 Pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo lochedwa Title IX, loletsa sukulu iri yonse yolandira ndalama za boma kusiyanitsa anyamata ndi atsikana. Nthawi imeneyo atsikana ocita masewera m'sukulu za sekondale sanali kufika 300,000. Lero aposa mamiliyoni atatu.

Popeza khomo la mpira wa zisoti linali lotsekabe, atsikana ambiri anathamangira ku mpira wa miyendo. Timu ya akazi ya dzikolo yatenga cikho ca dziko lonse kanai, mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019, pamene ya amuna sinacitengepo. Mipikisano ya akazi itakula cotero, inayamba kuitana akatswiri a maiko ena. Ndimo m'mene mwana wathu Barbra Banda anapitira ku Orlando Pride mu 2024, ndipo mu November caka comweco cigoli cace ndico cinapatsa timuyo cikho.

Ngakhale ku mpira wa zisoti mpanda wayamba kugwa pang'onopang'ono. Mu 2020 Katie Sowers anakhala mkazi woyamba pakati pa aphunzitsi a timu yosewera mu Super Bowl, ndipo mu 2021 Sarah Thomas anakhala mkazi woyamba kuweruza nao mpikisanowo. Palinso mtundu wina wa mpirawu wochedwa flag football, umene m'malo mogwetsana, wothamangitsa amangosolola kansalu kolendewera m'cuuno mwa mnzace. Atsikana ambiri akuusewera m'sukulu.

Mtundu umenewu udzaseweredwa pa Olympics mu mzinda wa Los Angeles mu 2028, ndipo kudzakhala matimu a amuna ndi a akazi. Pamenepo mtsikana adzathamanga ndi mpira pakati pa bwalo, ndipo mnyamata adzaonetsa luso lace popanda kupereka mutu wace. Ngati anthu mamiliyoni aja adzaukonda monga akondera wogundana uja, tidzaona nyengoyo ikafika.