Tizilombo ta m'nthaka timamasula poizoni wa arsenic m'minda ya mpunga

Mpunga umayamwa poizoni wa arsenic wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa mbewu zina monga tirigu, ndipo akatswiri a sayansi ati izi zimachitika chifukwa cha madzi omwe amadikha m'munda komanso tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi.

Arsenic amapezeka mwachilengedwe m'miyala ndi m'nthaka. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, amayambitsa khansa ya pakhungu, ya m'mapapo ndi ya m'chikhodzodzo.

Vutoli lidakula m'dziko la Bangladesh, komwe adakumba mijigo yochuluka kuyambira zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 1993 zidadziwika kuti madzi a m'mijigo ina ali ndi arsenic, chonsecho madzi a pansi omwewo ndiwo alimi amathirira mpunga m'nyengo yopanda mvula.

Nthaka ikakhala ndi mpweya wokwanira, arsenic amakhala wa mtundu wa arsenate ndipo amamatirira ku dzimbiri la ayironi la m'dothi, kotero mizu siimupeza mosavuta.

Koma munda ukadzaza madzi, mpweya wa okosijeni umatha m'dothi. Zikatero mabakiteriya monga Geobacter ndi Shewanella amayamba kugwiritsa ntchito dzimbiri lija m'malo mwa mpweya. Dzimbirilo limasungunuka ndipo arsenic amamasuka. Tizilombo tina timamusandutsa arsenite, yemwe ndi woopsa kwambiri komanso amayenda mosavuta m'madzi.

M'chaka cha 2008, Jian Feng Ma wa ku sukulu ya ukachenjede ya Okayama ku Japan pamodzi ndi anzake adapeza kuti arsenite amalowa m'mizu kudzera m'njira yomwe mpunga umayamwira silicon, mchere womwe umalimbitsa phesi lake.

Pali tizilombo tina tomwe timasandutsa arsenic kukhala mtundu wotchedwa DMA. Umenewu umadwalitsa mpunga: ngala zimangoima chilili osawerama chifukwa m'kati mwake mulibe njere.

Si tizilombo tonse timene timaononga. Mizu ya mpunga imatulutsa okosijeni pang'ono, ndipo mabakiteriya okhala pafupi nayo amabwezera arsenite kukhala arsenate, yemwe amagwidwanso ndi dzimbiri lokuta mizuyo.

N'chifukwa chake kasamalidwe ka madzi n'kofunika. Njira yomwe bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines limalimbikitsa, yolola munda kuphwa kwa masiku angapo asanathirirenso, imachepetsa arsenic m'njere. Komabe munda ukauma mopitirira, mpunga umayamwa kwambiri poizoni wina wotchedwa cadmium ngati alipo m'dothilo.

M'chaka cha 2014, bungwe la Codex Alimentarius, lomwe lili pansi pa FAO ndi WHO, lidakhazikitsa malire akuti mpunga wopuntha usapose mamiligalamu 0.2 a arsenic wa mitundu ya arsenite ndi arsenate pa kilogalamu.

Pakhomo, kuphika mpunga m'madzi ambiri aukhondo ndi kukhetsa otsalawo kumachotsako gawo lina la poizoniyu.