Kompyuta yakale si yotaya: uthenga kwa osewera magemu a m'malire

KALOMWE, Angónia. Anthu amene ali ndi makompyuta akale kuno kumalire a Mozambique ndi Malawi ayenera kumva nkhaniyi asanathamangire kukawononga ndalama zawo za mbatata. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ambiri ogulidwa akale ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Joni.

Izi sizikutanthauza kuti makinawo afa. Amayakabe monga kale. Koma zigamba zimene kampaniyo inkatumiza pofuna kutseka mipata yolowera mavairasi ndi akuba a pa intaneti sizikubweranso, kupatula kwa amene analembetsa thandizo lapadera. Windows 11, imene yalowa m'malo mwake, imafuna makina atsopano okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makompyuta ambiri akale alibe.

Amene yawakhudza kwambiri nkhaniyi ndi achinyamata osewera magemu, chifukwa pamudzi iwo ndiwo amafunsidwa foni ya amalume ikavuta kapena kompyuta ya aphunzitsi ikakana kuyaka. Wosewera wa ku Kalomwe sayesa gemu monga amayesera mnzake wa ku Lisboa. Iye amayamba wafunsa zitatu: kodi iyenda pa makina amene ndili nawo, kodi idya data yochuluka bwanji, nanga ndilipira mameticais angati? Pa mafunso atatuwa ndi pamene pakulowera dzina la Linux.

Mbewu ya makolo ndi mbewu ya m'sitolo

Kompyuta iliyonse, ngakhalenso foni, ili ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse, ngati mmene nyakwawa amayendetsera mudzi. Windows ndi imodzi, Linux ndi ina. Kusiyana kwake mlimi wa ku Angónia angakumvetse msanga. Windows ili ngati mbewu ya m'sitolo: mwini wake ndi kampani, kapangidwe kake n'kobisika, ndipo munthu amagula chilolezo chongoigwiritsa ntchito. Linux ili ngati chimanga cha makolo: aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuona mmene inapangidwira, kuikonza ndi kugawirako mnansi wake popanda kuphwanya lamulo.

Anaiyambitsa m'chaka cha 1991 ndi Linus Torvalds, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Iye anaiika poyera, ndipo akatswiri a m'maiko ambiri anayamba kuthandizana kuimanga, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa munthu wamba ndi kuutcha Ubuntu, mawu a abale athu a kum'mwera amene ife timati umunthu. Mpaka chaka cha 2011 kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu ulere kwa anthu opempha.

Ambiri sadziwa kuti Linux ali nayo kale m'thumba. Android, imene imayendetsa mafoni a Tecno, Itel ndi Samsung, inamangidwa pa maziko a Linux, ndipo foni yoyamba ya Android inatuluka m'chaka cha 2008. Choncho mnyamata amene akusewera Free Fire kapena eFootball pamsika wa Kalomwe, kaya ndi laini ya Movitel kapena ya Airtel ya kutsidya kwa Dedza, akugwiritsa ntchito zipatso za Torvalds.

Zimene zasintha kwa osewera

Kwa zaka zambiri osewera ankainyoza Linux ponena kuti ndi yabwino ku ofesi koma ilibe magemu. Panthawiyo ankanena zoona. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2018 pamene kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya magemu ya pa intaneti yotchedwa Steam, inatulutsa Proton. Imeneyi imagwira ntchito ngati womasulira pabwalo la milandu: gemu imayankhula chinenero cha Windows, Proton n'kumasulira kuti Linux imve. M'chaka cha 2022 Valve inatulutsanso Steam Deck, kamakina kosewerera magemu m'manja koyendera Linux, ndipo lero magemu zikwizikwi a Windows amayenda mwa njira imeneyi.

Komabe wosewera wachilungamo sangabise mbali inayo. Kuno mfumu ya magemu ndi mpira, ndipo mpira wa kampani ya EA, umene unkatchedwa FIFA kufikira pamene unasintha dzina kukhala EA Sports FC m'chaka cha 2023, m'mitundu yake yatsopano suyenda pa Linux. Chifukwa chake ndi pulogalamu yogwira onyenga pamasewera, imene imalowa mkatikati mwa Windows ndipo imakana makina ena. Fortnite ndi Valorant nazonso zili chimodzimodzi. Munthu amene amapeza ndalama poseweretsa anzake mpira umenewu pa benchi, Linux singamuthandize. Iye akhalebe ndi PlayStation yake.

Chinanso n'chakuti Linux sisandutsa bulu kukhala hatchi. Kompyuta ya zaka khumi imene inkalephera gemu yolemera idzailepherabe. Magemu atsopano ambiri amafuna data yoposa magigabaiti 50 kuti munthu awatsitse, ndipo ogula pa Steam kawirikawiri amafunika khadi la kubanki. Kwa banja limene limawerengera mayunitsi a Credelec kapena kudalira sola, zimenezi si zazing'ono.

Phindu lenileni lili pati

Phindu lili pa makina akale aja. Mitundu yopepuka ya Linux, monga Lubuntu ndi Linux Mint, imayenda bwino pa makompyuta amene Windows 11 yawakana, ndipo imalandira zigamba zachitetezo popanda malipiro. Pali LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama za matumba a mbatata, Firefox yolowera pa intaneti, ndipo zonsezi zimapezeka m'Chipwitikizi. Magemu aulere aliponso: SuperTuxKart wa mpikisano wa timagalimoto, 0 A.D. wa nkhondo zamakedzana, ndi Battle for Wesnoth, amene amafuna kuganiza mofatsa ngati pa bawo. Onsewa munthu angasewere popanda intaneti, ndipo mmodzi akatsitsa Linux ku Ulongwe angathe kugawira mudzi wonse pa fulashi imodzi.

Kutsidya kwa malire ubwino wa mapulogalamu otseguka ukuoneka m'masukulu. Bungwe la onebillion, limene linapanga masewera ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, linali m'gulu la awiri opambana mphoto ya Global Learning XPRIZE m'chaka cha 2019, ndipo lamulo la mpikisanowo linali lakuti ntchito ya opambana iikidwe poyera kuti ena aigwiritse ntchito. Makolo amene amati magemu onse ndi kutaya nthawi aganizire zimenezi. Chofunika ndi kusiyanitsa gemu ndi juga: gemu imene ikupempha mwana kuika ndalama za M-Pesa kapena e-Mola kuti apate zambiri, imeneyo ndi juga ngakhale itavala malaya okongola.

Malangizo kwa ofuna kuyesa

Asanasinthe chilichonse, mwini kompyuta ayambe wasunga zithunzi ndi makalata ake pamalo ena, chifukwa kuika pulogalamu yatsopano kungafufute zonse. Linux ingayesedwe kuchokera pa fulashi osakhudza zimene zili m'kompyuta, ndipo munthu aonetsetse kuti mawu akumveka, intaneti ikugwira ndi makina osindikizira akuyenda. N'zothekanso kukhala ndi Windows ndi Linux m'kompyuta imodzi. Wokonza makina angalipiritse thukuta lake, koma amene akuti akugulitsa chilolezo cha Ubuntu akunama, pakuti Ubuntu ndi yaulere.

Ogula makompyuta akale nawonso afunse wogulitsa ngati makinawo angalandire Windows 11, ndipo akayankha kuti ayi, mtengo utsike. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.