Manambala a pa webusaiti sagona m'chipinda

Mwezi wathawu mayi wina wa malo ogona alendo ku Liwonde, chakufupi ndi mlatho wa pa Shire, anandiitanitsa ali okwiya. Ndisanakhale n'komwe pansi anandipatsira foni. "Achimwene, taonani apa. Akuti anthu zikwizikwi akufika pa webusaiti yanga, koma zipinda zangokhala zotseka. Ndiye kuti mnyamata wa pa resepishoni akundibera?" Anali atatsimikiza zomuchotsa ntchito kumapeto a mwezi. Zinandiwawa, chifukwa mnyamatayo sanabe kanthu.

Ntchito yanga ndi yolondola mapazi a anthu pa intaneti, ndipo pali bodza limodzi limene landitopetsa: loti nambala yolembedwa kuti users ndi anthu enieni, pena makasitomala. Google Analytics, chida chimene chakhalapo kuyambira 2005, sichiona munthu. Chimaona foni kapena kompyuta, n'kuisiyira kachizindikiro kotchedwa cookie kuti chidzaizindikire ikadzabweranso. Mukatsegula tsamba pa foni m'mawa, masana pa kompyuta ya ku ofesi, mwasanduka anthu awiri. Kwathu kuno, kumene foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi ndi mwana wa ku sekondale, atatuwo ndi mmodzi. Ndiye kuli ma bot, timapulogalamu tongoyendayenda pa intaneti usana ndi usiku. Todziwika timasefedwa, koma tina timadutsabe. Titafufuza za mayiwo, alendo awo ambiri anali otere: kufika, osakhudza kalikonse, kuchoka nthawi yomweyo.

Mapu a m'chidachi nawo amanamiza anthu kwambiri. Mkulu wina wa bungwe la alimi ku Balaka anafuna kutseka webusaiti yawo poti sankaonapo Balaka, Ulongwe kapena Phalula. Zida zimenezi zimangoganizira malo kuchokera pa IP address, keyala imene netiweki imabwereka foni yanu. Munthu wa ku Ntaja amene ali pa Airtel kapena TNM kawirikawiri amaoneka ngati ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Alimi awo analipo ndithu, anangovekedwa dzina la tauni.

Chimene chimandidandaulitsa koposa ndi anthu amene sawerengedwa n'komwe. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha. Munthu walandira linki, waidina, tsamba lakana kutseguka chifukwa banduloyo siifika kumeneko. Ameneyo anali ndi chidwi, mwinanso ndalama ili m'thumba, koma lipoti silimudziwa. Amene zawatsegukira, nthawi zambiri amagwera m'gulu la direct, ngati kuti analemba okha keyala ya webusaiti, chonsecho anawatumizira ndi mlamu wawo pa gulu la mpingo.

Zinthu zinasinthako pa 1 July 2023, pamene Google inasiya kuwerengera ndi chida chake chakale n'kutisiyira chatsopano chotchedwa GA4. Ambiri a ntchito yathu amaidandaula kuti njovuta, ndipo sakunama, koma ine ndimaikondera chinthu chimodzi: imawerenga zochita. Ulendo umatchedwa engaged session ngati munthu wakhala kupitirira masekondi 10, kapena watsegula masamba awiri, kapena wachita chinthu chimene mwini wake anachiika kukhala chofunika. Pa malo ogona, chofunikacho ndi kudina batani loimbira foni kapena la WhatsApp.

Ngati muli ndi webusaiti, pemphani amene anakukonzerani kuti mabatani amenewo aziwerengedwa. Malinki otumiza pa WhatsApp aziikidwa timawu ta UTM kumapeto, kuti muzidziwa gwero, ngakhale sizigwira nthawi zonse. Chepetsani kulemera kwa zithunzi. Musatolere maina ndi manambala a anthu mwachisawawa, pakuti lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 lilipo. Za ilo funsani odziwa malamulo.

Kwa mayi aja tinapeza kagulu kochepa ka anthu enieni, ofuna pogona pafupi ndi Liwonde National Park. Ankafika pa tsamba la mitengo ya zipinda n'kubwerera, chifukwa linali lodzaza zithunzi zikuluzikulu zochedwa kutseguka. Tinazichepetsa. Mnyamata uja akadali pa ntchito, ndipo tsopano ali ndi kope pa tebulo lake, mmene amalemba yankho la mlendo aliyense akamufunsa kuti, "Munatidziwa bwanji, bwana?"