Preamp: M'kamwa mwa Gitala ya Besi

M'matchalitchi ndi m'mabandi ambiri muli dandaulo loti besi sikumveka. Woimba akamva izi amathamangira kukweza batani lolembedwa kuti bass mpaka kumapeto. Malata amanjenjemera, zifuwa za anthu zimagunda, koma palibe amene angathe kutsatira zimene nsambo zikuimba. M'nkhani ino tiona chimene chimachititsa vutoli pofotokoza ntchito ya kachipangizo kotchedwa preamp, ndipo tigwiritsa ntchito zomwe timaphunzira m'phunziro la fonetiki.

M'chaka cha 1960, katswiri wa ku Sweden, Gunnar Fant, adafotokoza kuti liwu la munthu limapangidwa m'magawo awiri. Kholingo limatulutsa kunjenjemera, kenako lilime, milomo ndi mphako ya m'kamwa zimakweza mbali zina za kunjenjemerako n'kutsitsa zina. N'chifukwa chake munthu atha kutchula a, e, i, o, u pa mlingo umodzi wa liwu koma malembo a liwu asanuwa n'kumveka mosiyana. Gitala ya besi imagwiranso ntchito chimodzimodzi. Nsambo ndi pickup zili ngati kholingo, pamene preamp ili ngati m'kamwa. Siyisintha noti imene yaimbidwa, koma imaumba kamvekedwe kake, ndiponso imalimbitsa mphamvu yochepa ya magetsi yochokera ku pickup isanafike ku ampulifaya.

Besi ya Precision imene Leo Fender adatulutsa m'chaka cha 1951 inalibe preamp. Inali ndi mabatani awiri okha, la voliyumu ndi la tone, ndipo la tone limangochepetsa mawu akuthwa, silingawonjezere kanthu. M'chaka cha 1976 kampani ya Music Man idatulutsa StingRay, imodzi mwa mabesi oyamba opangidwa ambirimbiri okhala ndi preamp ya batire m'kati. Lero preamp imapezeka m'gitala momwemo, m'kabokosi kopondapo, kapena m'ampulifaya.

Batani loyamba kulimvetsa ndi la gain. Ili limayeza mphamvu yolowa mu preamp, pamene la master limayeza yotuluka. Gain ikachepa kwambiri, woimba amakakamizika kukweza master, ndipo phokoso la siii limakwera nawo. Ikachuluka, mawu amasweka n'kumamveka mwamanzenene.

Kenako pali mabatani atatu oumba mawu. Kunjenjemera timakuyeza ndi Hz, kutanthauza nthawi zomwe chinthu chanjenjemera pa sekondi imodzi. Batani la bass limagwira mawu apansi, kawirikawiri pakati pa 40 ndi 100 Hz. La mid limagwira apakati, kuyambira cha m'ma 250 mpaka 1,000 Hz, ndipo la treble limagwira apamwamba, monga kukhudza kwa chala pa nsambo. Pa ma preamp ambiri a batire, batani likakhala pakati ndiye kuti silikuwonjezera kapena kuchotsa kanthu.

Tsono tibwerere ku dandaulo lija. Nsambo zinayi za besi, E, A, D ndi G, zimanjenjemera pafupifupi ka 41, 55, 73 ndi 98 pa sekondi. Koma nsambo ya E siyitulutsa 41 Hz yokha; imatulutsanso 82, 123, 164 ndi kupitirira apo. Khutu limadalira kwambiri timawu tapamwambati kuti lizindikire noti. Umboni wake ndi telefoni ya kale, imene inkadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha, komabe womvera ankadziwa kuti akulankhula ndi bambo wa liwu lalikulu. Choncho wokweza bass n'kutsitsa mid akufanana ndi munthu wolankhula atatseka pakamwa: mdidi ulipo, koma mawu palibe. Kuwonjezera apo, kukweza ndi 3 dB kokha kumafuna mphamvu ya ampulifaya yowirikiza kawiri, ndipo umu ndi mmene masipika ambiri amapsera.

Izi sizikutanthauza kuti pali kachunidwe kamodzi koyenera nyimbo zonse. Besi ya Aston Barrett wa gulu la The Wailers inkamveka yonenepa ndi yofewa, monga zimafunikira m'chamba cha rege. Ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, woimba sungura, imathamanga n'kumamveka noti iliyonse ngati ikulankhula, ndipo kamvekedwe kotere kamafuna mid ndi treble wokwanira.

Palinso zinthu ziwiri zofunika kukumbukira. Besi yokhala ndi preamp kawirikawiri imagwiritsa ntchito batire la mavoti 9, ndipo limayamba kutha waya akangolumikizidwa, ngakhale munthu asakuimba. Likafooka mawu amasweka, choncho ndi bwino kuzula waya pomaliza kuimba. Chachiwiri, ma preamp ena ali ndi potulukira potchedwa DI potumizira mawu ku mixer, komanso kabatani ka ground lift kothandiza kuthetsa kulira kwa magetsi.

Pomaliza, woimba amene akufuna kumveka ayambe waika mabatani onse pakati, achune gain, kenako asinthe batani limodzi pa nthawi imodzi pamene gulu lonse likuimba. Nthawi zambiri adzapeza kuti kutsitsa bass pang'ono n'kukweza mid kwathetsa dandaulo, voliyumu asanaikhudze n'komwe.