Kusankha Ntchito Zoyambira Pokweza Chisamaliro m'Zipatala: Chitsanzo cha Machinga ndi Balaka

Bungwe lililonse lofuna kuti ntchito zake ziziyenda bwino limayenera kusankha vuto loti liyambe nalo, popeza mavuto amakhala ambiri pomwe ndalama, antchito ndi nthawi zimaperewera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo bungwe logwira zonse pakamodzi silimaliza ngakhale chimodzi. Nkhani ino ifotokoza mmene chisankho choterechi chimapangidwira, potengera ntchito za umoyo wa amayi ndi makanda m'maboma a Machinga ndi Balaka, omwe anali boma limodzi mpaka mu 1998.

Choyamba kuona ndi kukula kwa vuto. Katswiri wa ku America, Joseph Juran, ankaphunzitsa kuti zolakwika zambiri pa ntchito zimachokera ku zifukwa zochepa chabe, ndipo mfundoyi anaipatsa dzina la Vilfredo Pareto. M'chipatala, zifukwa zochepazo zimaonekera m'makaundula a odwala ndi a imfa. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chomwe chinaposa cha dziko lina lililonse pa nthawiyo. N'chifukwa chake makanda oterewa anaikidwa patsogolo. Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Save the Children anayesa kampeni ya Khanda ndi Mphatso ku Machinga ndi ku Thyolo, ndipo ku Balaka pulojekiti ya Every Preemie-SCALE inaphunzitsa mabanja kusamalira okha makandawa kuchipatala ndi kunyumba.

Kukula kwa vuto pakokha sikukwanira. Pamafunikanso kufunsa ngati anthu a pamalopo angathe kulithetsa ndi zomwe ali nazo. Anamwino a pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde sangakonze misewu ya kumidzi kapena kuletsa magetsi kuzima. Makina ofunditsira khanda amafuna magetsi osadukiza komanso munthu wowakonza akawonongeka. Koma njira ya kangaru, yomwe inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imangofuna chitenje, chipewa ndi chifuwa cha mayi, bambo kapena agogo. Khanda likamangidwa pachifuwa, khungu kwa khungu, limamva kutentha ndipo limayamwa pafupipafupi. Ntchito yotere ndi yoyenera kuyamba nayo chifukwa ndi yotchipa ndipo zotsatira zake zimaoneka pa sikelo m'masiku ochepa. Chovuta chake chili m'maganizo a anthu: m'midzi ina khanda lotere linkaonedwa ngati losayembekezeka kukhala ndi moyo, choncho kampeni ya ku Machinga inalunjikanso kwa abambo, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo.

Mfundo ina, yomwe ndikuiona kuti ndi yofunika kusamala nayo kwambiri, ndi yakuti ntchito yosankhidwa iyenera kukhala yotheka kuiyeza. Mu 2013 Unduna wa Zaumoyo, ndi thandizo la mayiko a Germany ndi Norway, unayambitsa ndondomeko yolipira zipatala molingana ndi zotsatira m'maboma a Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu. Zipatala ndi antchito ankalandira ndalama akakwaniritsa zinthu monga kudzaza pepala lotchedwa partograph, lomwe limaonetsa mmene matenda a mayi woyembekezera akuyendera. Amayi nawo ankapatsidwa kangachepe kuti akachirire kuchipatala ndi kukhalako maola 48 atachira. Ubwino wake unali wakuti aliyense ankadziwa choyenera kuchita. Komabe, anthu mwachibadwa amathamangira chomwe chikuwerengedwa. Pepala likhoza kudzazidwa bwino lomwe pomwe mayi walankhulidwa mwachipongwe, ndipo ulemu sulembedwa m'kaundula aliyense.

Apa pakubwera funso lakuti wosankha ndi yani. Nthawi zambiri mwini ndalama amabwera ndi mndandanda wake, ndipo thandizo likatha ntchito imazilala. Mzamba, mlangizi wa zaumoyo ndi komiti ya chipatala ya anthu a m'mudzi amaona zinthu zomwe malipoti a ku Lilongwe saonetsa, monga kusowa kwa madzi m'chipinda chochirira kapena kuchepa kwa malo ogona m'chiyembekezo. Iwowa akakhala nawo pa zokambirana, mndandanda umasintha, ndipo mpope wowonongeka ukhoza kukhala pamwamba pa maphunziro a masiku asanu a kuhotela.