Mipando ya pa Chithunzi Chokha

Tikamaona nyumba zogulitsa pa intaneti, nthawi zina pabalaza pamakhala masofa, makatani ndi kapeti, koma tikafikako timapeza mulibe ngakhale mpando umodzi. Njira imeneyi imatchedwa virtual staging. Amajambula chipinda chopanda kanthu, kenako amaikamo mipandoyo pogwiritsa ntchito kompyuta.

Ubwino wake ulipo. Wogula amatha kuona pomwe bedi kapena tebulo lingakhale, ndipo wogulitsa sawononga ndalama zambiri kubwereka mipando ndi kuinyamula pa lole.

Vuto limayamba pamene sofa yaikidwa dala pobisa mng'alu wa khoma, kapena zizindikiro za denga lodontha zafufutidwa. Apo munthu angataye ndalama zomwe wasunga zaka zambiri. Ku America, ndime 12 ya malamulo a National Association of Realtors imafuna kuti otsatsa nyumba azionetsa zoona.

Ifenso tikudziwa kuti lamulo lachisanu ndi chinayi limaletsa umboni wonama, ndipo chithunzi nachonso ndi mboni. Pogulitsa, tilembe kuti mipandoyo ndi ya pa kompyuta, ndipo tiike chithunzi chenicheni pambali pake. Pogula, tisalipire tisanakaone tokha.